Nthutumba ya Tambala wa Atata

Anaigaya. Nthutumba ya tambala wa atata anaiponya m'makina, n'kuigaya, n'kuipaka m'mbale ngati polishi wa nsapato. Nkhani yanga ndi imeneyi. Ena museka kuti mai wamkulu ngati ine ndikudandaulila nthutumba ya nkhuku. Sekani. Ine ngakhale mkwiyo unandithela, ndikungolemba kuti mudziwe.

Malo ake sindiwatchula dzina. Ndi loji yatsopano ija ya pamsewu waukulu, mukachoka ku Petauke kulowela ku Nyimba, imene anapachika nyali m'mitengo. Pachikwangwani analemba kuti amaphatikiza kaphikidwe ka kwathu ndi ka maiko akunja. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina mu Petauke, ndipo ndikamadutsa pamenepo ndinkati tsiku lina ndidzawabweletsa pano atata, adzakhale pampando wofewa, wina awatumikile.

Atata anabwela kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anzao atabwelela, iwo anatsala, n'kumalima ku Msanzala. Munthu wosakamba zambili. Mau akuti pepani sindinawamvepo pakamwa pao, akuti ndakukhululukila ndiye osayelekeza. Kwathu zimenezi zimayenda ndi nthutumba. Nkhuku ikaphikidwa, nthutumba ndi ya atata, ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Koma tsiku limene aitola m'mbale n'kuiika patsogolo pa mwana wao, ndiye kuti mlandu watha. Ine anandipatsa kamodzi, nditabwelako ku ukwati umene anandiletsa. Ndinadya ndikulila, n'kugona m'nyumba mwao ngati sindinachokemo.

Mlongo wanga wamkulu, a Domingo, sanaidyepo. Ali mnyamata, pofuna nchito ku migodi, analembetsa dzina la eni dziko n'kusiya la atata. Atata atamva anati alibe mwana wa dzina limenelo. Kuyambila pamenepo, zii. Amama atamwalila, awiliwa anakhala pamalilo amodzi osapatsana moni.

Chaka chino atata anadwala pakhosi. Kuchipatala anatiuza mosabisa: mau adzatha, kenako kumeza kudzavuta. Mau anali atayamba kale kutha. Tsiku lina anandikodola n'kunong'ona kuti, “Luwiza, muitane uja. Tambala wofiila aphedwe.” Dzina sanatchule. Za nthutumba sanatchule. Ine ndinamva.

A Domingo anati ku Msanzala sapondako, ndipo kunyumba kwanga kumadzaza anthu oonelela. Ngati n'kukumana, tikumane pamalo pamene si pa munthu aliyense. Nditawauza pa foni kuti atata apeleka tambala wao, anati, “Ndibwela. Koma tchuthi andipatsa chachifupi.”

Lachisanu ndinanyamula tambala uja wamoyo, womanga miyendo, mpaka pa lojiyo. Ndinakumana ndi manijala mwiniwake, bambo wa tayi, womwetulila mano onse. Ndinawauza kuti atata akudwala pakhosi, nyama ipse bwino. Ndinawauza kuti nkhuku ibwele m'mbale imodzi, pakati pa tebulo. Ndinawauza, ndipo ndinabweleza, kuti nthutumba ikhalemo yathunthu.

“Palibe vuto, amai,” anatelo a manijala. “A shefu athu, akulu a ophika, anaphunzila kunja, koma chikhalidwe amachilemekeza maningi. Mudzadabwa.”

Apo pokha sananame.

Loweluka masana tinafika. Atata anavala jekete lao la kuchalichi, limene manje linali kuwalendewela m'mapewa. A Domingo tinawapeza atakhala kale, imvi mbuu. Anaimilila, n'kuomba m'manja pang'ono. Atata anagwedeza mutu. Tinakhala, ine pakati.

Atata anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi osamba m'manja. Wopelekela zakudya anabwela ndi tinsalu totentha, atatipana ndi kachitsulo. Atata anakatenga kansaluko, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika pambali.

Kenako zodabwitsa zinayamba. Kachidutswa ka chikanda kofanana ndi bokosi la machesi, pamwamba atadonthezapo msuzi wa mabuyu, zipatso za mlambe. Nthochi ya ku Nyimba yootcha, yowaza tsabola ndi nshawa zosinja. Chibwabwa, masamba a maungu, anachigaya n'kukhala timadzi tobiliwila m'kakapu. Chilichonse chikabwela, wopelekela uja ankaima manja kumbuyo n'kutilalikila mbili yake: chinachokela kuti, a shefu analota chiyani pochipanga. Nyimbo za malipenga zikulila pamwamba pathu. Atata sanakhudze kanthu. Ndinkadziwa chifukwa chake. Pakhosi pao panali malo a zinthu zochepa, ndipo ankawasungila tambala.

Ndinafunsa kuti nkhuku ili pati. Anati ikubwela, a shefu safuna kuthamangitsidwa. Tinadikila. A Domingo ankangosisita foni ndi chala, osawelenga kanthu. Atata ankayang'ana chitseko cha kukhichini.

Itabwela, sinabwele m'mbale imodzi. Anabweletsa miyala itatu yakuda yafulati m'malo mwa mbale, aliyense wake. Tambala uja anamuchotsa mafupa onse, n'kumukulunga ngati soseji, n'kumudula timagawo. Pambali kamsuzi ka kokonati. Kansima kokazinga kamakona anai. Katsamba pamwamba. Ndipo m'mphepete mwa mwala uliwonse, kamzele kofiililako, kopaka ndi supuni.

A Domingo anaika foni m'thumba. Anaika manja pamaondo. Munthu wa adzukulu, anakhala ngati mwana wodikila kuitanidwa dzina.

Atata anayamba kufufuza. Anatembenuza kagawo kamodzi ndi chala. Anatembenuza kena. Ananyamula katsamba kaja. Anasuntha kansima n'kuyang'ana pansi pake. Kenako anayang'ana m'mbale zathu.

Ndinamuitana wopelekela uja. Ndinati, bambo, nthutumba ili kuti?

Analoza kamzele kaja. “Ni iyi, amai. A shefu anaigaya pamodzi na chiwindi na batala, n'kuthilako vinyo pang'ono. Ni imene alendo athu amaikonda kupambana zonse.”

Ndinati aitane manijala. Anabwela ndi kumwetulila kuja. Ndinawafunsa ngati akukumbukila zimene ndinawauza Lachisanu lija. Anati akukumbukila bwino, ndipo uthenga anaupeleka kukhichini, koma nthutumba yathunthu ndi yolimba, pamalo ngati pano sapeleka choncho. “Ndiponso munati amdala ali na vuto la pakhosi. Tinawaganizila.”

Anawaganizila. Mwamva? Ndani anawapempha kuganiza? Ndinabweletsa tambala kapena ndinabweletsa funso?

A shefu naonso anatuluka, chipewa chachitali kumutu, akupukuta manja. Anati tisawamve molakwika, iwo anakulila kumudzi, mwambo wa nthutumba amaudziwa. Anati anachita dala. Zoti bambo yekha adye nthutumba ena akuyang'ana n'zakale, iwo amafuna aliyense patebulo alawe mofanana. Anakamba monyadila, akuyang'ana atata, ngati awapatsa mphatso.

Ine sindinakuwe. Ndikanakonda ndikanakuwa, mwina lelo ndikanakhala wopepuka.

Atata anakanda kamzele ka m'mbale mwao ndi chala. Anakweza chalacho pang'ono. Anayang'ana mwala wa a Domingo, pomwe panali kale kamzele komweko. Anayang'ana wanga, pomweponso. Chinthu chimene aliyense ali nacho kale ungamupatse bwanji munthu? Anakhala choncho, chala m'mwamba. Kenako anachipukutila pa kansalu kaja.

Anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kukamba. Milomo inayenda, koma nyimbo zija zinali pamwamba, ndipo chimene chinatuluka ndi chifuwa. Anatsokomola mpaka misozi, mpaka anthu a matebulo ena anatembenuka. A manijala anafunsa mwaulemu ngati amdala sangakonde kukapuma mphepo panja. Tinawatulutsa, ine mbali iyi, a Domingo mbali inayo. Kanali koyamba kuwaona a Domingo atagwila mkono wa atata kuyambila ndili mtsikana. Pofika pagalimoto atata anali atathelatu, maso otseka.

Ndinabwelela m'kati kukalipila. Ndinalipila zonse, ngakhale chibwabwa cha m'kapu chija. Anandifunsa ngati andikulungile zotsala. Ndinati ai. Anandiuza kuti ndidzabwelenso.

Panja ndinawapempha a Domingo kuti agone kwanga, mailo kukacha tiphe nkhuku ina, ndiphike ndekha. Anati tchuthi chatha, basi ya ku Lusaka ikudutsa madzulo omwewo, akaiphonya nchito ivuta. Anati adzabwela kumapeto kwa mwezi. Kenako anandikokela pambali.

“Luwiza, anakuuza kuti nthutumba inali yanga?”

Ndinati n'zodziwikilatu.

“Sindinafunse zodziwikilatu. Anakuuza?”

Ndinati sanatchule.

Anagwedeza mutu, n'kunyamula chikwama chao.

Kumapeto kwa mwezi atata sanafikeko. Sabata yotsatila mau anathelatu, kenako ngakhale phala linakana kutsika. Ndinawaikila foni kukhutu, a Domingo ali mbali inayo, koma a Domingo ankangomva kupuma. Atata kulemba sankadziwa. Anamwalila m'mawa wina ndikuwapukuta kumaso.

Pamalilo ku Msanzala azimai anaphika nkhuku ya akuluakulu. Pogawa, nthutumba anaiika m'mbale ya a Domingo, poti manje wamkulu ndi iwo. Yathunthu, yopsa bwino. A Domingo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anavundikila mbaleyo ndi inzake, n'kupita kukakhala kuseli kwa nkhokwe. Sanadye tsiku limenelo.

Tili m'kati mwa malilo foni yanga inalila. Uthenga wochokela ku loji. Amathokoza kuti tinawachezela, amafunsa ngati tinasangalala, ndipo tikadzabwelanso ndi banja lonse adzatipatsa zotsekemela zaulele. Ndinauwelenga, n'kubwezela foni m'chitenje. Sindinamve kanthu. Mpaka lelo sindikumva kanthu, ndikadutsa pamenepo ndimangoona nyali zija zili lendee m'mitengo.

Ena mudzati atata akanangokamba kalekale. Inde. A Domingo akanagona. Inde. Ine ndikanaphika ndekha, n'kunyamula poto mpaka pansi pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Zonsezi ndaziganiza, musavutike kundikumbutsa. Koma ine ndinapempha chinthu chimodzi chabe, chaching'ono, chokwana m'dzanja la mwana. Ndinachipempha pamaso, m'chinenelo chimene tonse timamva. Inu a pa loji munavomela. Kukana kunalipo. Mukanati amai, pano sitiphika choncho, ndikananyamula tambala wanga n'kupita.

Ndalama zanga sindikuzifuna. Zotsekemela zanu idyani nokha. Inu anzanga amene mukufuna kupita kumeneko, pitani, mipando ndi yofewadi, nthochi yao akuti ikoma. Koma ngati patebulo panu pali nkhani imene chakudya chiyenela kukamba, musaipeleke kwa munthu amene akufuna kukudabwitsani.

A manijala ndi a shefu, funso langa ndi limodzi, ndipo si langa kwenikweni. A Domingo amandiimbila Sondo iliyonse akachoka ku chalichi. Safunsa za ana, safunsa za mvula. Amafunsa kuti pamene atata anakweza chala chija, chinkaloza kuti. Ndimati kwa inu, alongo. Amati, “Ukunena chabe kuti ndigone.”

Inu munaima pomwepo, manja kumbuyo, mukumwetulila. Munaona. Ndikupatseni nambala yao muwayankhe ndinu, chifukwa ine sandikhulupilila.