Belita ndi Sikelo ya Atsibweni Ake

Ine ndimagulitsa tomato pa Migowi, ndipo Belita wakula ndikumuona. Ndi mwana wa a Alesi, mlimi wa nandolo wa ku Chiringa. Ali ku sekondale, aphunzitsi ena ochokera ku Rumphi, a Malumbo, anayambitsa taekwondo, masewera omenyana ndi mateche aja. Atsikana anzake anathawa sabata yoyamba yomwe. Iye anakakamira.

Ndisaname, zinkandidabwitsa. Mtsikana wamanyazi, wopereka moni chogwada, mwendo n'kumafika pamutu pa mnzake! Tsiku lina ndinamufunsa ngati samva kuwawa. Anati, "Amayi, chowawa ndi kupalira."

Anapambana ku Mulanje, kenako ku Zomba, mamendulo awiri n'kuwapachika pamsomali kwa amake. Chaka chatha anamuitana ku mpikisano waukulu ku Blantyre, kosankha okaimira dziko. Ndi pamene ndinadziwa kuti samangomenyana chisawawa ayi, amayamba ayezedwa thupi. Gulu la Belita linali la osapitirira makilogalamu 57. Ukapitirira, sumenya.

Nanga sikelo akanaipeza kuti? Atsibweni ake, a Goodman, ankagula mbewu pamsika pompano, ndipo sikelo yawo inkalendewera mumtengo wa mango. Loweruka lililonse Belita ankalowa m'thumba n'kumukoleka ngati nandolo, ife kuseka mpaka misozi. Muvi unkaima pa 56. A Goodman ankangoti, "Uli bwinobwino mwanawe, pita ukadye."

Ku Blantyre sikelo inati 60. Anatsika, n'kukweranso, 60 yomweyo. Zaka zinayi zokonzekera, sanaponye teche ngakhale limodzi. Akuti analira koopsa.

Atatsika minibasi pa Migowi pano, Belita sanapite kunyumba. Linali tsiku la msika, alimi ali pamzere ndi matumba awo, amake ali pomwepo. Belita anatola thumba, n'kulowamo, n'kupempha alimi awiri kuti amukoleke pa sikelo ya a Goodman. Ine tomato ndinangomusiya, kuthamangira kukaona. Muvi unaima pa 56. Iye anatuluka m'thumbamo, n'kupereka kwa amake kapepala ka ku Blantyre kolembedwa 60.

A Alesi sukulu sanapite nayo patali, koma manambala amawadziwa. Anayang'ana kapepalako, anayang'ana muvi, kenako matumba awo atatu. A Goodman anayamba kunena zoti dzimbiri, zoti mvula.

Belita sanasiye. Masiku ano amakayezetsa kuchipatala, ndipo m'mamawa mumuona akuthamanga mumsewu wa ku Chiringa, kukonzekera mpikisano wa chaka chino. Pamtengo wa mango paja pakhala ogulitsa kaunjika. Ine mpaka lero ndimadzifunsa kuti a Goodman aja ankaganiza chiyani Loweruka lililonse lija, poti sikelo yawo ankaidziwa.

A Alesi anawafunsa tsiku la msika lomwe lija, mosakweza mawu n'komwe: "Achimwene, za nandolo wanga zaka zonsezi ndikhoza kuiwala. Koma inu mukudziwa, n'kumusiya mwanayu akwere basi ya ku Blantyre?"