Zilembo za Esinati

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe chimanga chinapserera m'munda, matipate atangoyamba kumene. Ku Mbulumbuzi ndinali mkamwini, ndipo mkamwini wopanda kanthu amalonjeredwa komaliza. Esinati, mkazi wanga, sanandikanize. Abusa atandipempherera anandigwira paphewa nati, "Kumeneko kulibe wokuonani, achimwene. Mukadzigwire nokha." Ndinavomera mokweza, monga achitira anthu amene sanamve.

Ntchito ndinaipeza yosamalira maluwa kwa mzungu. Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala, poyamba mwezi uliwonse, kenako ndikakumbukira. Kutchalitchi ndinapita kanayi kokha. Lamulungu limatalika kuchilendo, choncho ndinayamba kutsatira anzanga kumowa, ndipo chisanathe chaka chachiwiri ndinali nditalowa m'nyumba ya mayi wina wogulitsa nsomba zouma. Lero anyamata akandifunsa za ku Joni ndimawauza kuti kusungulumwa kuliko ndithu, sindinama, koma si kumene kunanditsegulira chitseko chimene chija.

Esinati sanapite kusukulu. Makalata ankamulembera mng'ono wake, wa tizilembo tozungulira tomwe ndinkatidziwa. Ndiye tsiku lina kunabwera kalata ya zilembo zachilendo, zikuluzikulu, zodinda mpaka kuboola pepala. Ndinaitembenuza uku ndi uku, mpaka kuinunkhiza. Dzanja lolemera chonchi ndi la mwamuna, ndinatero mumtima. Ndani ameneyu akukhala pamkeka ndi mkazi wanga, n'kumalemba kuti "ndakusowani"? Ndinakayikira mphunzitsi wa kwaya. Ndinakayikira wakabaza yemwe ankamunyamulira chimanga kuchigayo. Makalata oterowo anabwera asanu ndi awiri, ndipo onse ndinawawerengera pabedi la mayi wa nsomba uja, mtima ukuwira ndi nsanje. Manyazi ndinalibe ngakhale pang'ono.

Ndinalembera amalume anga, amene ndi ankhoswe athu, kuti akonzekere mlandu. Esinati sindinamuuze tsiku lobwera. Minibasi ndinatsikira patali, n'kudzera tinjira tam'minda dzuwa likuswa mtengo, kuti ndimupezerere.

Ndinamupeza yekha pakhonde akusenda nandolo. Ndisanamwe n'madzi omwe, ndinaponya makalata aja pansi.

"Wakulemberani ndani izi?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope loda ndi utsi. Munali zilembo zomwe zija, tsamba ndi tsamba, dzina langa lolembedwa kambirimbiri, pena mokhota.

"Sukulu ya kwacha, kutchalitchi, Lachiwiri ndi Lachinayi," anatero. "Zaka ziwiri sindinajombe, ngakhale nthawi yopalira. Ana ankandiseka."

Ndinafuna kuseka kuti nkhani ithere pomwepo, koma iye anali asanamalize.

"Za mayi wa nsomba ndinazimva kalekale, bambo a Chifundo. Madalaivala sasunga chinsinsi. Ndinaphunzira kulemba kuti ndikutukwaneni ndekha, mng'ono wanga asamve. Koma ndikagwira pensulo ndinkayamba ndapemphera, ndiye mawu oipawo ndinkawameza. Musaganize kuti zinali zophweka. Kuno amuna sanathe, ondifuna analipo."

Ndinakhala padothi. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, ndiponso mantha, chifukwa mudziwo ndi wakwawo. Akanena kuti nyamukani, wonyamula chikwama ndine.

"Ndikawauza amalume kuti asabwere," ndinatero chapansipansi.

"Ayi, abwere. Ananditumizira uthenga kuti mukangofika, mlandu ndi Loweruka lake, ndipo akwathu ndinawauza kale." Anakokera lichero pafupi n'kupitiriza kusenda nandolo wake. "Munawaitana ndinu. Mukawauze ndi pakamwa panu amene walakwa m'banja muno. Mukanena zoona, tikambirana. Mukanama, ine sinditsutsa, koma chikwamacho musachimasule."