Chigaza cha M'dengu Langa

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, chaka chotsatira njala ija. Ndinali kusenda chinangwa kuseri. Apolisi awiri, kumbuyo kwawo theka la mudzi.

"Agogo, tulutsani mutu wa munthu uja."

Ndinautulutsa m'dengu. Chinali chigaza chapulasitiki, chachipumi chotsetsereka, chimene mwana wanga anaiwala patchuthi. Iye amaphunzitsa kuyunivesite za kumene mtima wa munthu unachokera: chifukwa chake timanjenjemera ndi njoka koma minibasi ayi, chifukwa chake nsanje imaluma. Amati tinatengera kwa makolo akalekale, amutu ngati umenewo. Ankandifunsanso chifukwa chake kwathu kuno malume amasamala ana a mlongo wake kuposa ake. Ndinati, ukawauze ophunzira akowo kuti mimba sinama.

Wapolisi wamkulu anagogoda chigazacho ndi chala, chinalira ngati beseni. Koma mwana wa mnansi wanga anali atangoikidwa m'manda, ndipo anthu anali atatola kale miyala.

"Afiti amasandutsa zinthu," anatero wapolisiyo.

M'chitokosi tinalimo amayi ambiri, chidebe chimodzi. Lachinayi ananditengera kokafunsidwa. Dzino langa lakutsogolo linatsala komweko.

"Ingovomerani kuti mwana wanu ndiye mwini mankhwalawa. Si yemwe amati agogo ake ndi anyani? Dindani chala, mukagone kwanu."

Zaanyanizo ine ndi mwana wangayo timakangana mpaka lero, poti ine ndine wamapemphero. Koma mkanganowo ndi wapakhonde pathu. Ndinapinda zala zanga m'khwapa.

"Bambo, mayi anu akanadinda?"

"Mayi anga si mfiti."

"Munawafunsa?"

Anandibweza m'chitokosi osadya.

Lolemba mwana wanga anafika pakabaza, fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula katoni. Anandandalika pathebulo la apolisi zigaza zina zophunzitsira, zazikulu ndi zazing'ono.

"Ngati uli mlandu, mukamange kalasi yonse."

Apolisi anandimasula masana, wopepesa panalibe. Panja mwana wanga anagwada.

"Amayi, tiyeni kutauni. Kuno akuphani."

"Ndithawe munda wa mayi anga chifukwa cha pulasitiki? Kwera wekha."

Amati ufulu tinaulandira povota. Wanga ndinakautunga ndekha kumjigo madzulo omwewo. Ndinaika mtsuko wanga pansi, ndinapopa pang'onopang'ono monga nkhalamba, ndipo amene anatola miyala aja anaima pamzere kudikira kuti udzaze.