Kompyuta Yoyera ya a Mwafulirwa

A Orton Mwafulirwa a ku Chilomoni anagwira ntchito yosunga mafayilo pa ofesi yathu zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo sanatayepo kanthu. Majumbo a shuga ankawapinda bwinobwino m'dirowa. Mapulogalamu a maliro anali ndi fayilo yawo. Imelo ndiye musanene: ngakhale ya munthu wongoyankha kuti "chabwino" ankaisunga ngati chikalata cha malo.

Ine ndine Tiyanjane, woyang'anira makompyuta pamalopo, ndiye mutu unkawawa ndi wanga. Seva, kompyuta yaikulu yosunga maimelo a tonse, ikadzaza, aliyense ankadziwa wadzazitsa. Nditatopa ndinawatchera kompyuta kuti imelo iliyonse yopitirira miyezi isanu ndi umodzi izichoka yokha pa seva n'kukakhala m'kompyuta yawo ya pa desiki. Ndinawafotokozera katatu. Kachitatuko ndinachita kujambula papepala.

"Mwana iwe," anatero akupukuta magalasi, "ine imelo ndinayamba kutumiza iwe ukuvala matewera. Zonse zimakhala kumwamba pa intaneti."

Chabwino, akatswiri anena. Ndinangopinda kapepala kanga.

M'kompyutamo munali foda imodzi yomwe sinali ya ntchito. Mayi Hazel, akazi awo, atapita kukadwalira kwawo ku Karonga, ankawalembera pafupifupi tsiku lililonse pa adiresi ya kuntchito, poti a Mwafulirwa ina analibe. Mayiwo anamwalira zaka zinayi zapitazo. Nthawi ya nkhomaliro anzawo akapita kukadya tchipisi, iwo ankatseka chitseko n'kumawerenga makalatawo. Tonse tinkadziwa, ndipo ngakhale ine wa pakamwa ine sindinawasekepo.

Tsiku lopuma ntchito litayandikira, anauzidwa kuti kompyutayo itsalira wolowa m'malo mwawo. Apa mtima unawakwera. Mlendo awerenge za Hazel? Sabata imeneyo ine ndinali ku maliro ku Nsanje, ndiye madala anzeruwa sanafune kudikira mwana wa matewera. Anakatenga a Malizani, okonza mafoni mu msika wa Ndirande, munthu amene matenda aliwonse mankhwala ake ndi amodzi: kufufuta zonse n'kuyambiranso. A Malizani anagwira ntchito yotamandika ndithu. Anafufuta kawiri, chifukwa a Mwafulirwa anafuna kutsimikiza. Kenaka eni akewo anaipukuta ndi kansalu, n'kulemba kalata yoipereka, sitampa pamwamba.

Lolemba anabwera atatchena suti, foni yatsopano m'manja, mphatso ya ana awo.

"Tiya, unditsitsire makalata a mayi ako aja pa seva, alowe umu."

Ndinatsegula. Pa seva panali za miyezi isanu ndi umodzi basi: kuitanira ku misonkhano, chidziwitso choti madzi asiya, ndi uthenga wowafunira mpumulo wabwino. Ndinathamangira ku kompyuta ija. Inali yoyera mbee.

Mawu onse achipongwe omwe ndinawasungira zaka zonsezi anandithawa. Ndinawamvera chisoni. Ndinawauza zoona, pang'onopang'ono. Anakhala pa mpando wa alendo n'kundipempha kuti ndiyang'anenso. Ndinayang'ananso, ndikudziwa kuti palibe chomwe ndipeze.

"Kalata yawo yomaliza ija ndinali ndisanaitsegule," anatero motsitsa mawu. "Ndimati ndikawerengere kunyumba ndikapuma."