Dzina Limene Amayi Anakana Kusiya

Uthenga unatipeza tikupuntha mpunga pabwalo, Lachisanu m'mawa, mwezi wa Juni. Anabwera tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu pamodzi ndi wapolisi mmodzi, ndipo sanaodire. Anati amayi akufunika ku Boma, ndi inenso ndipite nawo, popeza ndinali mphunzitsi ndipo ndikanatha kuwamasulira Chichewa, pakuti kwathu timalankhula chilankhulo china. Mwana wanga wamkazi anali akuyamwabe. Ndinamusiya m'manja mwa mlamu wanga, ndikumuuza kuti ndibwera dzuwa lisanalowe.

Mlandu tinkaudziwa. Mchimwene wanga, woyamba kubadwa kwathu, anali atawoloka mtsinje wa Songwe kuthawira ku Tanzania nduna zija zitayambana ndi mtsogoleri. Anali kalaliki chabe, koma ankayenda ndi anthu amene anasanduka olakwika. Anamutcha chigawenga, ndipo pamsonkhano wa chipani analengeza kuti dzina lake lisamvekenso pakamwa pa munthu aliyense.

Lamulo limeneli linagwera amayi. Kwathu mkazi akabereka mwana woyamba, dzina la kuutsikana limagona. Amaitanidwa anyina uje, ndiye kuti amake uje, mpaka kumanda. Amayi anakalamba akuitanidwa ndi dzina la mchimwene wangayo, ndipo malemu bambo athu sankawadziwa ndi dzina lina. Tsopano anthu a kwathu ku Mwenilondo anasowa chowaitanira. Ena ankangoti "inu", ena ankatsokomola kaye kuti amayi acheuke. Inenso sindilemba dzinalo pano, ndizingoti uje.

Amayi sanali munthu wa ndale. Moyo wawo unali munda, ana ndi tchalitchi. Lachinayi lililonse ankavala bulauzi yoyera ndi duku kupita ku mapemphero a amayi, ngakhale madzi atadzaza njira mpaka m'maondo. Popemphera ankatchula ana awo asanu mmodzimmodzi kuyambira wamkulu, monga ankachitira potigawira nthochi. Lachinayi la sabata imeneyo anapemphera choncho, mokweza. Mmodzi mwa anzawo ovala zoyera aja anakanena kwa a chipani.

Amene anatifunsa anali mkulu wa zofufuza wochokera kumwera, munthu wa mawu ofatsa ndi malaya osita bwino.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Ndine anyina uje, bwana."

"Limenelo si dzina. Munthu ameneyo kulibe m'dziko muno. Dzina la bambo anu ndani?"

Amayi anatchula dzina la bambo awo, ndi mudzi womwe, kenaka anawonjezera kuti, "Kweni ilo linali la usungwana, ndili mtsikana, bwana. Sono ine ndine anyina uje."

Bwanayo sanakwiye. Anafotokoza kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Amayi akaime pamsonkhano, anene kuti alibe mwana woteroyo, ndi kuti kuyambira tsiku limenelo aziitanidwa ndi dzina la bambo awo. Akavomera, tikagona kwathu.

"Yayi, bwana," amayi anatero. "Chiuta analipo tsiku limene ndinamubereka. Ine ndikamunamize bwanji?"

Bwana uja anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mwawamasulira bwino?"

"Amva okha, bwana."

"Ndiye mukhala nawo mpaka muwamasulire bwino."

Anatisunga m'chipinda cha akazi, kumalo amene sindiwatchula. Munali chidebe pakona, mabulangete onunkha anthu ena, nsabwe, ndi kutentha kwathu kuja kumene sikudikira mwezi wa Okutobala. Tsiku lina anawatenga amayi okha. Atabwerako sankatha kukweza manja kuti amange duku, moti ndinawamangira ine. Khutu lawo lakumanzere silinamvenso kuyambira pamenepo, ndipo sanandiuze chimene chinachitika.

Mabere anga anatupa ndi mkaka masiku oyambawo. Amayi ankandithandiza kufinyira m'chidebe chija, akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi. Kenaka mkaka unauma, ndipo tsiku limene ndinaona kuti wauma ndi limene mtima unandithera.

"Amama, ndi mawu chabe," ndinatero. "Achimwene ali kutali, sadzamva n'komwe. Mwana wanga akulira kunyumba. Kodi ine si mwana wanu?"

Anali akundichotsa nsabwe m'mutu, ndipo sanasiye. "Ndiwe mwana wane," anatero. "Ndikamukana uyo lero, mawa akandiuza kuti ndikukane iwe, ndidzawayankha vichi?"

Ndinachotsa mutu wanga pamiyendo pawo. Ndinakhala masiku ambiri osawalankhula, m'chipinda chimene munthu sakanatha kutambasula mwendo osagunda mnzake. Iwo ankandikankhira theka la nyemba zawo ngati palibe chachitika, ndipo ine ndinkadya ndili chokwiyira, chifukwa njala sidziwa mkangano. Madzulo ankagwada n'kutchula ana awo asanu monga kale, n'kuwonjezera mdzukulu wawo. Ndinkawakonda amayi anga, koma miyezi imeneyo ndinawada ndithu. Mpaka lero sindinganene kuti pempho langa linali lolakwa.

Bwana uja ankabwera mwezi ndi mwezi ndi funso lomwelo. Amayi ankayankha yankho lomwelo. Poyamba ndinkaopa akamalowa, koma pambuyo pake tonse atatu tinkangochita mwambowo ngati anthu opatsana moni panjira. Iyenso ankaoneka wotopa.

Woyang'anira akazi anali mayi wa m'chigawo chapakati, wa pakamwa polusa. M'mawa uliwonse ankamenya chitseko ndi ndodo n'kukuwa kuti, "Dzukani, azimake a zigawenga! Mukuyesa muli ku hotela?" Sitinamuonepo akuseka.

Mvula itagwa, miyendo ya amayi inatupa, ndipo chifuwa chinawagwira. Ndikuganiza kuti akuluakulu sanafune kuti nkhalamba iwafere m'manja. Lachiwiri lina mu Febuluwale anatitengera ku ofesi. Amayi anawakhazika pansi chifukwa sankatha kuima nthawi yaitali.

"Za msonkhano tazisiya," bwana uja anatero. "Ndiitana dzina, inu muvomere, basi. Muzipita kwanu lero lomwe."

Anaitana dzina la bambo awo a amayi. Amayi ankangoyang'ana pansi. Anaitananso, mokweza. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinkaona msewu, ndi mayi wina akudutsa atabereka mwana. Sindinalire, sindinawachonderere. Mphamvu zake ndinalibe.

Woyang'anira akazi uja ndiye anayankhula. "Bwana, gogoyu khutu linafa. Ndimufuulire pafupi."

Anawerama, koma anapita ku khutu lakumanja, limene linkamva. Ine ndinali pambali pomwepo, ndipo ndinamva zimene ananong'ona: "Amake uje, dzukani muzipita. Mwatitopetsa."

"Ndili pano," amayi anatero mokweza, n'kugwira mkono wanga kuti adzuke.

Bwana uja anayang'ana kuwindo kwa kanthawi. Kaya anamva kaya sanamve, sindikudziwa. Anangoti, "Avomera. Atulutseni."

Titafika kunyumba, mwana wanga anandiyang'ana n'kuthamangira kuseri kwa mlamu wanga, akumuitana kuti amama. Zinanditengera chaka kuti alole kugona pamphasa panga, ndipo ngakhale atakula, akadwala ankafuna mlamu wangayo. Ntchito ya uphunzitsi inali itatha. Kutchalitchi anawapempha amayi kuti azipemphera chamumtima, ndiye Lachinayi ankavala zoyera zawo n'kupemphera pakhonde, mokweza, ife tikuyang'ana kumsewu. Anakhala nafe dzinja lina limodzi. Pamaliro awo mlaliki anayankhula nthawi yaitali za chikhulupiriro chawo, akuwatchula kuti "mayi athu awa" kuyambira poyamba mpaka amen.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala zipani zambiri zitabwera. Ndinavota ngati wina aliyense, koma kuvina sindinavine. Ufulu umene ine ndimaudziwa ndi waung'ono: kuitana munthu ndi dzina lake pamsewu osayamba wacheuka. Unabwera mochedwa, anthu amene ankaufuna kwambiri atagona kale.

Mchimwene wanga anabwerako nthawi imeneyo, ali ndi imvi, akusakaniza Chiswahili m'mawu ake. Mudzi unali utasintha, moti atatsika basi anasochera. Anafunsa amayi ena pa mjigo za nyumba yathu, ndipo mwa mantha akale anatchula amayi ndi dzina la bambo awo. Palibe anadziwa munthu ameneyo. Atafotokoza za nkhalamba imene inamangidwapo, mmodzi anati, "Oho, mukunena anyina uje! Anamwalira kale, manda awo ali kuseri kwa tchalitchi." Mayiyo sankadziwa kuti akuuza mwini dzina.

Anandipeza ndikupeta mpunga. Anaima ndi chikwama chake m'manja, misozi ikutsika, n'kundifunsa kuti, "Mlongo wanga, amama anavutika chifukwa cha ine?"

Ndinali nditasunga yankho lake zaka zonsezo, lalitali ndi lowawa, koma nditamuona ndinapeza kuti ndatopa nalo.

"Pang'ono," ndinatero. "Khalani pansi, achimwene, mwachokera kutali."