Mayi Tsache ndi Mabotolo Opanda Zivindikiro

Inu amene munasiya mwana kutali kuti mukasake moyo, nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku lina mayi wina anaimba foni kwa akulu ake amene ankamulerera mwana, koma mwana wake anakana kuyankhula naye. "Akuti mawu akowo sakuwadziwa," anatero akulu akewo akuseka. Iye anaseka nawo, kenako anakalirira kuseri kwa makreti a kuntchito.

Pafakitale yothira zakumwa m'mabotolo ankamutchula kuti Mayi Tsache, poti ntchito yake inali yosesa. Anaphunzirako zamagetsi kukoleji, koma analephera mayeso omaliza chaka chimene anabereka. Bambo wa mwanayo analowera kwina. M'chipinda chimene ankagona ndi anzake osesa munalibe malo a mwana, choncho anamusiya kwa akulu ake akadali wokwawa. Ana a sukulu akamadutsa pageti, ankayesa kuloza wamsinkhu wa mwana wake, koma msinkhuwo sankaudziwa.

Akamasesa m'chipinda cha amisiri, maso ake ankakhala pabenchi. Injiniya wa pamenepo, bambo wa imvi wokonda nthabwala, anamuona.

"Mayi Tsache, mukusesa pansi kapena mukusesa benchi yanga ndi maso?"

"Ndikungoona, bambo. Ndinaphunzirako pang'ono."

"Ndiye ikani tsachelo, mundigwirire waya uyu."

Vuto linali loti mabotolo ena ankadutsa opanda zivindikiro, zakumwa n'kumatayikira m'makreti. Pamzere uliwonse wa mabotolo anaikapo kakoyilo ka waya, kamene kamamva chitsulo chikadutsa pafupi. Koma tchipi, kaubongo ka makina kowerenga makoyilowo, inali ndi makomo ochepa olumikizira mawaya, pamene mizere inali yambiri. Injiniyayo anabweretsa kachipangizo kotchedwa malitipulekisa, kolumikiza makoyilo ku tchipi mosinthana, iyi kenako iyo, mwaliwiro. Anamupatsa Mayi Tsache kuti aziyesa nthawi yopuma masana.

Zinakanika. Manambala ankangodumphadumpha. Botolo lotsekedwa bwinobwino, makina ankati ndi losatseka. Tsiku lina anasemphanitsa mawaya, tchipi n'kupsa, fungo ponseponse. Anatola tsache lake.

"Ndabwerera kwanga, bambo. Mutu wangawu unakanika kale."

"Yapsa ndi tchipi, mutu ukadalipo. Khalani pansi."

Anakhala. Anafupikitsa mawaya chifukwa aatali ankasokoneza. Anayeza koyilo iliyonse payokha, poti ngakhale zimaoneka zofanana, sizimva mofanana. Manambala anayamba kufatsa, koma osatheratu. Miyezi inadutsa akumadya uku mpeni ndi waya zili m'manja. Kenako iye ndi injiniya uja anapeza chotsala: malitipulekisa ikangosintha koyilo, tchipi inkawerenga msanga, magetsi asanakhazikike. Anaiuza kuti izidikira kaye pang'ono.

M'mawa mwake injiniya anaponya dala botolo losatseka pamzere wakumapeto. Nyale yofiira inayaka, kamkono ka makina n'kulikankhira pambali. Anayesa mizere yonse, palibe limene linazemba. Amisiri anaomba m'manja. Iye anangoima, mtima uli kwa mwana amene sakanamvetsa n'komwe zimene amayi ake achita.

Anamupatsa ovololo ndi malo pabenchi. Anapeza chipinda chakechake, chokhala ndi zenera, n'kupita kukatenga mwana.

Mwanayo atamuona anabisala kumbuyo kwa akulu a amayi ake aja.

"Pita, ndi amayi ako awa," anatero iwo, nawonso misozi ili m'maso.

M'basi mwanayo anakhala kuzenera, nkhope kunja. Atayenda mtunda wautali tulo tinamugwira, mutu n'kugwera pamkono wa amayi ake. Mkonowo unachita dzanzi, koma mayiyo sanausunthe mpaka anafika.

Lero amaphunzitsa amisiri atsopano, ndipo akukonzekera kulembanso mayeso. Zaka zimene sanaone mwana akumera mano ndi kuyamba kuyenda sizidzabwerera, ndipo zimamupwetekabe. Koma madzulo akamatsegula chitseko, pamakhala womuthamangira.

Inunso, ngati amene mumamukonda ali kutali, limbikirani pamene mulipo. Osataya mtima, njira yokamutenga ilipo.