Mchere wa m'kapepala

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kuthetsa banja la atate anga, ndipo nzeru zake ndinazitenga ku filime.

Tinkakhala ku Cassacatiza, komwe atate ankakonza njinga m'mbali mwa msewu wopita ku Zambia. Amayi ondibereka anali atamwalira, ndipo atate anakwatira aNaphiri a ku Mualadzi, mzimayi wosakonda zolankhulalankhula. Sanandimenyepo, sanandimanepo chakudya. Koma ine ndinali ndi sukulu ina yondiphunzitsa za amayi okupeza: baraka ya udzu kuseri kwa msika, momwe ankaonetsa mafilime Loweruka masana.

M'katimo munkanunkha thukuta ndi utsi wa jeradori, injini yopangira magetsi. Mafilimewo anali a kumayiko akutali ndipo chilankhulo chake sitinkachimva, koma munkamveka mawu a womasulira m'Chinyanja, amene ankawonjezera zakezake kuti nkhani ikome. Mkazi wachiwiri akangotulukira pagalasi, asanatsegule n'komwe pakamwa, womasulirayo ankatiuza kuti timuyang'ane m'maso, ndipo baraka yonse inkavomereza kuti mfiti yafika. Sitinalakwitsepo ngakhale kamodzi. Pomaliza mkaziyo ankapenga kapena kuthamangitsidwa, ife n'kutuluka mitima ili mbee.

Loweruka lina anaonetsa mkazi akupatsa mwana womupeza kaphukusi kuti athire m'chakudya cha bambo ake, kuti bamboyo akafa mlandu ugwere mwana. Nditatuluka ndinakumbukira kuti kwathu zinkachitika zofanana. Masiku ena aNaphiri akamaphika ndiwo ankandiitana, n'kundilozera kapepala kokulunga, n'kundiuza kuti ndithire mumphika. Iwo ankaima poteropo osakhudza. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi mchere, popeza ndinkakagula ndine. Koma bwanji osathira okha? Komanso atate anali atayamba kutsokomola.

Ndinakaulula kwa atate tsiku lomwe akulu awo, atate aakulu, anabwera kudzawazonda. Manyazi anga enieni ali apa: mawu akuti mchere sindinawatchule. Ndinati amandipatsa ufa woyera wa m'kapepala. Ndinkafuna kuti nkhani yanga imveke ngati ya pagalasi, ndipo nditaona akuluakulu awiri akuyang'anana, ndinamva kukoma.

Atate aakulu sankaukonda ukwatiwo kuyambira pachiyambi, ndiye ndinali nditawapatsa nkhwangwa yonolanola. Anaitana aNaphiri pabwalo, amuna amene ankadikira njinga zawo n'kusendera pafupi. Anawafunsa katatu kuti ufawo unali wa chiyani. ANaphiri anakhala pansi atatambasula miyendo, maso ali pa chitenje, osayankha. Kwa ine umenewo unali umboni, chifukwa m'mafilime olakwa ndiwo ankasowa chonena. Atate aakulu anagamula kuti mlamu wawoyo abwerere ku Mualadzi mpaka odwala atachira. Aliyense ankadziwa kuti mkazi wopita kwawo ndi mbiri yotere sabweranso, ndipo mbiriyo imakamupeza ngakhale kumudzi kwawo. Atate anangotsokomola.

ANaphiri anali atayamba kumanga katundu pamene anafika mayi Esitere, oyandikana nafe, ogulitsa mandasi. Mayi Esiterewo anandituma kuti ndikatenge kapepalako. Anakatsegula, ananyambita chala, kenaka anandikokera kuseri kwa nyumba atandigwira dzanja mwamphamvu moti ndinamva kuwawa.

“Iwe Lusiya, mchere sukuudziwa?”

Ndinati ndikuudziwa. Anandifunsa ngati aNaphiri ankandituma tsiku lililonse. Ndinati ayi, masiku ochepa chabe, kenaka n'kusiya. Apo anandifotokozera zomwe ndinali ndisanauzidwe, poti ndinali ndisanakule: mzimayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu a m'nyumba, makamaka mwamuna, amene angayambe chifuwa ndi kutupa. Amatuma mwana. ANaphiri ankanditumira kuti ateteze atate omwewo. Akanangoti ndi mchere, wamkulu aliyense pabwalopo akanamva zonse, ndipo n'chifukwa chake sakanatha kunena. Kukanakhala kuulula masiku awo pamaso pa alamu awo ndi amuna achilendo. Anaona kuti bola kupita.

Mayi Esitere anabwerera pabwalo n'kuponya kapepalako pamiyendo pa atate aakulu.

“Ndi mchere uwu, bambo. Zotsalazo mukafunse akazi anu.”

Amuna aja mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi matayala oti apope. Atate aakulu ananyamuka tsiku lomwelo osatsanzika bwino, ndipo chifuwa cha atate chinadzatha ndi mankhwala a kuchipatala.

Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo chikanandipepukira. Sichinabwere. ANaphiri anamasula katundu wawo, anapitiriza kundiluka tsitsi ndi kundichapira zovala za kusukulu. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinasintha: masiku aja akafika ankaitana kamwana ka mayi Esitere, ine ndili pomwepo. Nthawi iliyonse ndikamva akukaitana ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Panopa ndili ndi ana anga, ndipo za mdulo sindizitsatira kwenikweni. Mafilime ndimawakondabe, sindingakane. Koma ndinazindikira kuti baraka ija sinatiphunzitse kuda amayi okupeza. Tinkalowa tikuwada kale, ndipo opanga mafilime ankangotigulitsa zomwe ankadziwa kuti tiombera m'manja. Filime imaulula anthu amene akuionera kuposa amene ali pagalasi. Atate aakulu sanalowemo m'barakamo ndi tsiku limodzi lomwe, koma nkhani yanga anailandira msanga kuposa ana anzanga.

M'zaka zonsezi sindinaonepo filime ya mzimayi amene walera mwana wa mnzake mwakachetechete mpaka kumukwatitsa. Mwina palibe amene angapite kukaionera. Ine ndinkakhala naye m'nyumba imodzi mzimayi woteroyo, ndinkadya za m'manja mwake, ndipo sindinamuone. ANaphiri akadali moyo ku Mualadzi komwe anabwerera atakalamba, ana anga amawatcha agogo. Ndapitako kambirimbiri nditakonzeka kupepesa, koma ndikangoyamba kuti, “Amayi, tsiku lija,” amandifunsa ngati ndadya.